Korali Akayamba Kufooka M'thanki ya Panyumba

## Kabukuka n'ka yani

Korali sakhala m'madzi opanda mchere. M'nyanja ya Malawi mulibe, mu Zambezi mulibenso. Kwawo ndi kunyanja zamchere zofunda, monga kuzilumba za Quirimbas ndi Bazaruto ku Mozambique, kapena ku Sodwana Bay ku South Africa. Koma masiku ano korali amawetedwanso m'mathanki agalasi m'nyumba za ku Johannesburg, Durban, Cape Town, London ndi mizinda ina kumene kuli anthu akwathu. Ena thankiyo ndi yawo. Ena amakumana nayo kuntchito: abwana apita kutchuthi, akusiyirani makiyi ndi thanki, ndiye patapita masiku ochepa mukuona chinthu chija chinkagwedezeka ndi madzi chafota, chayamba kuyera.

Kabukuka kakufotokoza zoyenera kuchita zikatero. Amene munawetako mbuna kapena nsomba zina za m'madzi opanda mchere musadzidalire kwambiri. Nsomba zimapirira zambiri zimene korali sapirira, ndipo mankhwala ena ochiza nsomba amatha kupha makorali onse m'thanki usiku umodzi.

## Dziwani chimene mukuweta

Korali amaoneka ngati duwa kapena mwala, koma ndi nyama, wachibale wa jellyfish. Chitsamba chimodzi cha korali ndi gulu la tinyama tambirimbiri tolumikizana. Kalikonse kali ndi pakamwa pozunguliridwa ndi timanja toluma. Mitundu yambiri imamanga chigoba cholimba cha laimu pansi pa mnofu wake, ndipo zomangirazo, kashiamu ndi carbonate, imazitenga m'madzi momwemo.

M'kati mwa mnofu mumakhala ndere zazing'ono zosaoneka ndi maso, zotchedwa zooxanthellae. Nderezi zimapanga shuga pogwiritsa ntchito kuwala, ndipo gawo lalikulu la shugayo amadya ndi korali. Madzi akatentha kwambiri kapena kuwala kukapitirira muyeso, nderezo zimayamba kutulutsa zinthu zowononga mnofu, ndiye korali amazichotsa m'thupi mwake. Mnofu umatsala woonekera m'kati, chigoba choyera n'kumaoneka. Uku ndiye kusuluka kwa korali. M'nyanja zimangofunika kuti madzi atenthe ndi digiri imodzi kuposa mmene amatenthera m'chilimwe, n'kukhala choncho milungu ingapo. Zinachitika kumadzulo kwa nyanja ya Indian mu 1998, ndi ku Great Barrier Reef ku Australia mu 2016. Ngati nyanja yaikulu imatero ndi digiri imodzi, kuli bwanji thanki ya malita 200 yomwe ili pafupi ndi zenera?

Ogulitsa amagawa makorali patatu, ndipo ndi bwino kudziwa gulu la wanu:

- Ofewa, opanda chigoba cholimba: Sarcophyton, amene amati leather, komanso mushroom, Xenia ndi Zoanthus. Awa ndi opirira.
- LPS, a chigoba cholimba ndi mitu ikuluikulu yamnofu: hammer, torch, frogspawn, Favia. Amapirira pang'ono, koma mnofu wawo suchedwa kung'ambika.
- SPS, a nthambi kapena mbale zolimba ndi timitu ting'onoting'ono: Acropora, Montipora, Stylophora. Madzi akangosintha, oyamba kudwala ndi awa.

## Kuwerenga zizindikiro

Musanagwire chilichonse, khalani pansi muyang'ane. Kaonekedwe ka korali ndi kamene kangakuuzeni ngati muli ndi maola ochepa kapena milungu.

Watseka, timanja sitikutuluka. Tsiku limodzi kapena awiri si nkhani. Korali amatseka akasunthidwa, nkhono ikamukwera, kapena akamatulutsa zonyansa. Sarcophyton amatha kutseka sabata yathunthu, n'kumaoneka wonyezimira, kenako n'kufundula kakhungu kopyapyala. Ndi mmene amadziyeretsera. Ingoonetsetsani kuti madzi akuyenda bwino pomwe ali. Koma mitundu ina ikatseka masiku opitirira 3 kapena 4, yambani kufufuza.

Wasuluka. Yang'anitsitsani pafupi, kaya ndi galasi lokulitsa zinthu kaya ndi kamera ya foni. Ngati mnofu udakali pachigoba ndipo timanja tikutulukabe ngakhale tili toyera, korali ali moyo. Ali ndi njala chifukwa wataya zomupangira chakudya, koma akhoza kuchira. Anthu ambiri amataya korali wamoyo poganiza kuti kuyera ndi imfa.

Wasanduka wabulauni. Ndere zachuluka m'mnofu chifukwa kuwala kwachepa kapena madzi achuluka zonyansa. Wangonyansa maonekedwe, sakufa.

Mnofu ukusupuka. Chigoba chikuoneka choyera mbee, chokhakhala, ndipo pali malire oonekeratu pakati pa mnofu ndi poyerapo. Kusupukako kukamayenda pang'onopang'ono, kawirikawiri kuyambira kunsi, oweta amati STN. Kukamathamanga amati RTN, ndipo Acropora yense akhoza kutha m'tsiku limodzi kapena awiri. Apa palibe zodikira.

Nsonga zayera. Samalani, pali mitundu iwiri. Nsonga za Acropora amene akukula zimakhala zotuwira koma zosalala, zokutidwa ndi mnofu. Chimenecho n'chizindikiro chabwino. Nsonga zopsa zimakhala chigoba chokhachokha, ndipo nthawi zambiri chimachititsa ndi alkalinity wokwera kapena wosinthasintha.

Chinthu chabulauni chonanda chakuta mutu. Ndi matenda amene amati brown jelly. Amakonda hammer, torch ndi frogspawn. Mutu wogwidwa umanunkha ukatulutsidwa m'madzi, ndipo matendawa amafalikira ku mitu ina msanga.

Mbali imodzi yokha ndiyo yawonongeka. Yang'anani amene ali naye pafupi kumbali imeneyo.

Pali lamulo limodzi lofupikitsa kufufuza. Akadwala korali mmodzi, vuto limakhala pa iye, pa malo ake kapena pa oyandikana naye. Akadwala angapo nthawi imodzi, vuto lili m'madzi.

## Chenjezo: tetezani thupi lanu kaye

Palythoa ndi mitundu ina ya Zoanthus, imene ogulitsa amati palys ndi zoas, ili ndi poizoni woopsa kwambiri wotchedwa palytoxin. Amalowa pabala, m'maso, m'kamwa, ndiponso munthu akamupuma. Mu 2018 ku Oxfordshire ku Britain, anthu a m'banja lina anathamangira nawo kuchipatala, pamodzi ndi ozimitsa moto amene anabwera kudzathandiza, pambuyo poti mwala wa m'thanki unakwechedwa kunja kwa madzi. Kamodzi ka tinyamati kakhoza kubisala pamwala inu osadziwa.

- Valani magolovesi aatali ndi magalasi oteteza maso nthawi zonse pogwira korali kapena miyala.
- Musaphike mwala wa m'thanki, musauthire madzi otentha, musaukweche uli kunja kwa madzi. Nthunzi ndi timadontho timanyamula poizoniyo nyumba yonse.
- Musayamwe paipi ndi pakamwa pofuna kukoka madzi.
- Ana, agalu ndi amphaka akhale kutali pamene mukugwira ntchitoyi.
- Ngati muli ndi bala padzanja, musalowetse dzanjalo m'thanki. M'madzimo mumakhala mabakiteriya monga Mycobacterium marinum, oyambitsa zilonda zochedwa kupola.
- Mukayamba kutentha thupi, kutsokomola, kubanika, kumva kuwawa m'minofu kapena m'kamwa kumveka chitsulochitsulo, tsegulani mazenera, aliyense atuluke, pitani kuchipatala. Auzeni adokotala kuti munagwira korali ndipo tchulani dzina la poizoniyo.

Madzi amchere ndi magetsi sizigwirizana. Zimitsani hita musanachotse madzi, chifukwa hita yoyaka ikakhala pamtunda imasweka. Mawaya azilendewera pansi kaye asanakwere kusoketi, kuti dontho lotsata waya lisalowe m'magetsi.

## Zoyenera kuchita, motsatana

### 1. Dzifunseni chimene chasintha

Korali safooka popanda chifukwa, ndipo chifukwacho nthawi zambiri chinachitika masabata awiri apitawa. Tengani pepala mulembe: nyali yatsopano, mchere wa mtundu wina, nsomba kapena korali watsopano, pampu yosunthidwa, botolo la mankhwala lomwe latha kapena lomwe mwayamba kumene, magetsi ozima, nsomba yosowa imene mwina yafera kuseri kwa miyala. Ganiziraninso za m'chipindamo. Kodi munapakidwa penti? Munapoperedwa mankhwala a udzudzu kapena a mphemvu? Alipo anapukuta galasi ndi mankhwala otsukira mazenera? Zonsezi zimatera pamwamba pa madzi.

### 2. Yezani kutentha ndi mchere

Izi ziwiri ndi zosavuta kuyeza, ndipo ndi zimene zimapha msanga.

Madzi akhale pa madigiri 24 mpaka 26. Musakhulupirire nambala yolembedwa pa hita. Yezani ndi choyezera china chapadera, m'mawa ndi masana, kuti muone kusiyana kwake. Hita zimafa mwanjira ziwiri: kuleka kutenthetsa, kapena kukanirira osazimanso. Yachiwiriyi ndiyo yoopsa. Madzi akafika madigiri 29 kapena kuposa, zimitsani hita ndi nyali, tsegulani chivundikiro, lozetsani fani pamwamba pa madzi. Muthanso kuyandamitsa botolo lotseka bwino la madzi oundana. Kutsikako kutenge maola angapo.

Mchere ukhale pafupifupi magalamu 35 pa lita, imene pa refractometer imaoneka ngati 35 ppt kapena 1.026. Choyezerachi chimasokonekera pakapita nthawi, choncho chiyeseni kaye ndi madzi oyesera a 35 ppt amene amagulitsidwa m'mashopu a nsomba. Madzi akamauma ndi nthunzi mchere umatsala m'thanki. Ndiye madzi obwezeretsa ouma aja akhale opanda mchere. Mcherewo ukapezeka utakwera kapena utatsika, ukonzeni pang'onopang'ono, osapitirira 0.001 patsiku.

### 3. Yezani zina zonse za m'madzi

Gwiritsani ntchito timabotolo toyezera, ndipo onani kaye ngati tsiku lake silinapitirire. Miyeso yoyenera ndi iyi:

- Alkalinity, wolembedwa KH: 7 mpaka 11 dKH, ambiri amasunga pa 8 kapena 9
- Kashiamu, Ca: 380 mpaka 450 ppm
- Magnesium, Mg: 1250 mpaka 1350 ppm
- pH: 7.8 mpaka 8.4
- Ammonia ndi nitrite: 0
- Nitrate, NO3: 2 mpaka 10 ppm
- Phosphate, PO4: 0.03 mpaka 0.1 ppm

Pa zonsezi, ikani mtima pa alkalinity. Ndi muyeso wa carbonate amene korali amamangira chigoba, ndipo ndi amene amatha msanga m'thanki ya makorali ambiri. Korali amakhala bwinobwino pa 7.5, amakhalanso bwinobwino pa 9.5. Chimene sapirira ndi kuchoka pa 7.5 kufika pa 9.5 m'tsiku limodzi. Munthu wapeza 6, wachita mantha, wathira mankhwala ambiri kuti madzulo afike pa 9, m'mawa n'kupeza Acropora akusupuka: wamupha ndi mankhwalawo. Musakweze kuposa 1 dKH patsiku, ndipo kwa korali wodwala kale, theka la zimenezo ndi bwino. Magnesium akachepa, kashiamu ndi alkalinity sizikhazikika ngakhale muzithira bwanji, choncho yambani mwakonza iyeyo.

Za nitrate ndi phosphate pali kusamvetsa kumene kwafala. Ambiri amaganiza kuti 0 ndiye ukhondo weniweni. Ayi. Ndere za m'mnofu zija zimafuna zinthu zimenezi pang'ono, ndipo zikasoweratu korali amatuwa, n'kuonda. Mukapeza 0 pa zonse ziwiri, onjezerani pang'ono chakudya cha nsomba ndipo chepetsani mankhwala oyamwa phosphate. Zikachuluka kwambiri ndiye ndere zimamera paliponse ndipo chigoba sichikula bwino. Zichepetseni posintha madzi, osati mwadzidzidzi.

Nambala ikaoneka yachilendo kwambiri, yezaninso musanachite kanthu. Mashopu ambiri a nsomba amayeza madzi mukawapititsira m'kabotolo.

### 4. Sinthani gawo la madzi

Ngati makorali angapo akudwala ndipo simukupeza chifukwa, kusintha madzi ndi thandizo losaopsa. Chotsani malita 10 mpaka 20 pa malita 100 aliwonse.

1. Tengani madzi osefedwa ndi makina a RO/DI. Mashopu a nsomba amagulitsa m'zigubu. A pampopi amakhala ndi chlorine, phosphate, mwinanso kopa wa m'mapaipi. A pamjigo ndi a pachitsime simungadziwe zimene ali nazo.
2. Thirani mchere wopangira mathanki a korali m'madzimo. Mchere uzipita m'madzi, osati madzi pamchere. Wa kukhitchini sugwira ntchito imeneyi.
3. Ikani kapampu kavundule kwa maola angapo, kapena usiku wonse.
4. Yezani kutentha, mchere ndi alkalinity wa madzi atsopanowo kuti zifanane ndi za m'thanki. Mitundu ina ya mchere imabwera ndi alkalinity wokwera kwambiri.
5. Thirani pang'onopang'ono, osalunjikitsa pa korali.

Ikaninso makala osefera madzi amene amati activated carbon, mutawatsuka kaye kuti fumbi lichoke. Amayamwa poizoni wa makorali ofewa ndi zambiri zochokera mumpweya. Makala a pambaula ayi. Mukatero, fufuzani ngati muli chitsulo chilichonse m'madzi: sikulu yogwera, ndalama imene mwana anaponyamo, maginito a pampu amene ang'aluka n'kuchita dzimbiri.

### 5. Kuwala ndi kayendedwe ka madzi

Korali wodwala, makamaka wosuluka, amafuna kuwala kochepa kuposa masiku onse. Mutsitsireni pansi m'thanki, kapena chepetsani mphamvu ya nyali ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Maola 8 kapena 9 patsiku ndi okwanira. Akayamba kubwerera mtundu, kwezani pang'onopang'ono kwa milungu ingapo. Korali wochokera m'thanki ya nyali yofooka ali ngati mbande yochokera ku nazale: mukaiwoka padzuwa la masana imafota. Watsopano aliyense ayambire pansi. Dziwaninso kuti makala atsopano amayeretsa madzi, ndiye kuwala kumalowa kwambiri ngakhale nyali simunaikhudze.

Korali alibe mapapo. Madzi oyenda ndi amene amamubweretsera mpweya ndi kumuchotsera zonyansa. Pa LPS, timanja tizigwedezeka mofatsa uku ndi uku. Tikamakankhidwira mbali imodzi mpaka chigoba kuonekera, madzi achuluka mphamvu ndipo mnofu ung'ambika pa chigoba chake chomwe. SPS amafuna madzi amphamvu koma osinthasintha kolowera. Mukaona zinyalala zitakhazikika pa korali, zipemerereni ndi sirinji yopanda singano ndipo sunthani pampu pang'ono.

Mukamupezera malo, musiyeni pomwepo. Kumusuntha tsiku lililonse pofuna malo abwino kumamutopetsa kuposa malo oipawo.

### 6. Onani oyandikana naye usiku

Makorali amamenyana. Torch, hammer ndi Galaxea amatulutsa timanja titalitali toluma, makamaka nyali zikazima, tofika masentimita 10 mpaka 15 kapena kuposa. Masana simungatione. Dikirani ola limodzi kapena awiri mdima utagwa, kenako unikani ndi tochi yofooka. Mudzaona amene akuluma mnzake. Atalikitseni.

Onaninso Aiptasia, kanyama kabulauni kokhala ngati kaduwa kamene kamamera pamiyala n'kumaluma chilichonse chapafupi. Musakakande, chifukwa kachidutswa kalikonse kamamera kokha. Pali mankhwala ake othira pakamwa pake ndi sirinji. Nsomba zina, monga angelfish ndi butterflyfish, zimajompha korali, koma zikakuonani zimasiya n'kubwera kudzapempha chakudya. Ziyang'aneni muli patali.

### 7. Fufuzani tizilombo, ndipo musambitseni

Tizilombo ta korali timafanana mtundu ndi amene tikumudya. Pa Acropora yang'anani timabala toyera tozungulira ndi timazira tabulauni kunsi kwa nthambi; n'tinyongolotsi tophwatalala. Pa Montipora ndi pa Zoanthus yang'anani tinkhono topanda chigoba, taubweyaubweya, tobisala pansi ndi m'mphepete.

Mankhwala osambitsira amapezeka m'mashopu: ena ndi a ayodini, ena monga Coral Rx ndi ReVive ndi ochotsa tizilombo. Kasambitsidwe kake:

1. Tungani madzi a m'thanki m'timabakuli tiwiri tosagwiritsidwa ntchito kukhitchini.
2. M'koyamba thirani mankhwala pa muyeso wolembedwa pabotolo. Musawonjezere poganiza kuti achira msanga.
3. Vikani korali kwa nthawi yolembedwayo, kawirikawiri mphindi 5 mpaka 10, uku mukumupemerera madzi ndi sirinji kuti tizilombo tigwe.
4. Mutsukuluzeni m'kabakuli kachiwiri, kenako mubwezereni.
5. Madzi a m'timabakuli tonse tayani. Asalowe m'thanki.

Mankhwalawa sapha mazira. Mazirawo akandeni ndi mswachi wofewa muli m'kabakuli, ndipo bwerezani kusambitsa sabata iliyonse kwa milungu 4 mpaka 6. Koma ngati simunaone kachilombo, bala kapena matenda, musamusambitse. Korali wosuluka chifukwa cha kutentha sapindula kanthu ndi mankhwala, amangofookerako.

### 8. Dulani kuti mupulumutse chotsala

Mnofu ukamasupuka mothamanga, chitsamba chonse simungachipulumutse, koma nthambi mukhoza. Tengani chodulira chachitsulo chosachita dzimbiri. Dulani nthambi zathanzi sentimita imodzi kapena awiri kutali ndi malire a posupuka. Zikuoneka ngati kuwononga mnofu wabwino, koma matendawa amakhala atalowa kale kupitirira pamene maso akuonera. Tsukuluzani tidutswato m'madzi a ayodini, timateni pa timiyala ndi supagulu wolimba uja amati gel, ndipo tiikeni m'malo osiyanasiyana kuti kamodzi kakalephera kena kapulumuke.

Pa brown jelly, zimitsani mapampu kaye kuti chonandacho chisamwazike. Chiyamweni ndi sirinji, tulutsani korali ali m'kabakuli, dulani mutu wogwidwawo pa nthambi yake ndi kuutaya. Mitu yotsala isambitseni ndi ayodini. Musathire m'thanki mankhwala a kuchipatala opha mabakiteriya popanda malangizo a dokotala wa zinyama. Amaphanso mabakiteriya amene amasefa madzi anu.

### 9. Mudyetseni

Korali wosuluka amadalira chimene wagwira ndi timanja. Madzulo, zimitsani mapampu kwa mphindi 10 mpaka 15, ndipo ndi sirinji ikani chakudya pang'ono pamutu pake: tinkhanu ta mysis kwa LPS, chakudya chaufa cha korali kwa SPS. Kawiri kapena katatu pa sabata n'kokwanira. Akapanda kugwira, chotsani chakudyacho chisawolere pamnofu. Musaiwale kuyatsanso mapampu. Ikani alamu pafoni.

### 10. Lembani, jambulani, dikirani

Sinthani chinthu chimodzi, dikirani sabata, muone. Mukasintha nyali, pampu, mchere ndi mankhwala tsiku limodzi, korali akachira simudzadziwa chimene chamuchiza, akafa simudzadziwa chimene chamupha. Mujambuleni masiku atatu aliwonse, nthawi yomweyo, mutaima pomwepo. Maso amaiwala, ndipo pachithunzi ndi pamene mungaone ngati malire a posupuka aima. Yezani alkalinity kawiri kapena katatu pa sabata ndi kulemba m'kope.

Chizindikiro choyamba cha kuchira ndi timanja kutulukanso. Mtundu umabwera mochedwa, umayamba ndi bulauni, ndipo ungatenge miyezi iwiri, itatu kapena kuposa. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'thanki yanu nkhonozo zilimo zoti muziphunzirirapo.

## Magetsi akazima

Nyali musadandaule nayo; korali amakhala masiku awiri kapena atatu mumdima osavutika. Choopsa ndi madzi kuima, chifukwa mpweya umatha m'maola ochepa, makamaka m'thanki ya nsomba zambiri.

- Khalani ndi kapampu ka mpweya koyendera mabatire. N'kotchipa kuposa korali mmodzi.
- Ngati muli ndi inveta, lumikizani pampu imodzi yovundula madzi. Hita ndi nyali zimatha batire msanga.
- Ngati mulibe chilichonse, tungani madzi ndi jagi n'kuwathira kuchokera m'mwamba kangapo, mphindi 15 kapena 20 zilizonse.
- Musadyetse nsomba mpaka magetsi atayaka.
- M'nyengo yozizira, monga usiku wa June ndi July ku Johannesburg, kutani thanki ndi bulangete ndipo yandamitsani mabotolo otseka a madzi ofunda.
- Jenereta ikhale panja. Makandulo, nyali ya palafini ndi mbaula zikhale kutali ndi thanki.
- Magetsi akakhalitsa, madzi okhala m'sefa yotsekeka amawola. Atayeni musanayatse sefayo.

## Zolakwa zofala

Mankhwala a kopa. Mankhwala ambiri ochiza timadontho toyera pa nsomba ali ndi kopa. Kopa amapha korali, nkhono ndi nkhanu, ndipo amalowerera m'miyala osachokamo. Nsomba yodwala ichizidwe m'thanki ina.

Sopo ndi mafuta odzola. Sambani m'manja ndi madzi okha mpaka m'zigongono musanagwire madzi a m'thanki. Ndowa, siponji ndi nsalu za thanki zikhale zakezake, zisakhudze sopo, jiki kapena polishi. Galasi lakunja pukutani ndi nsalu yonyowa ndi madzi basi.

Kuthira chimene simunayeze. M'mashopu muli mabotolo ambiri olonjeza mitundu yowala. Ngati mulibe choyezera chinthucho, musachithire.

Kutsuka zonse tsiku limodzi. Mabakiteriya osefa madzi amakhala pamiyala, mumchenga ndi m'sefa. Kuvundula mchenga wonse kapena kutsuka sefa ndi madzi a pampopi kumabweretsa ammonia.

Kubisa vuto. Ngati thanki ndi ya abwana, atumizireni zithunzi pa WhatsApp tsiku lomwelo, pamodzi ndi nambala ya kutentha kwa madzi. Funsani shopu imene amagulako ndi amene mungamuitane. Musathire botolo lililonse limene sanakuuzeni. Ndipo asananyamuke, apempheni alembe papepala muyeso wa chakudya, pofika madzi, ndi choyenera kuchita magetsi akazima.

## Korali akafa

Chigoba chikakhala chopanda mnofu n'komwe ndipo ndere zobiriwira kapena zabulauni zayamba kumerapo, nthambiyo yafa. Chigoba cha LPS musafulumire kuchitaya: ngati sichikununkha, chisiyeni pakona kwa mwezi umodzi kapena iwiri, chifukwa kamnofu kotsalira m'kati nthawi zina kamaphukanso. Koma korali wofewa amene akusungunuka, wonunkha, mutulutseni nthawi yomweyo, sinthani madzi ndi kuika makala atsopano. Palythoa ndi Zoanthus muziwavika m'madzi a jiki m'chidebe chotseka, panja, musanawamange m'pulasitiki ndi kuwataya. Musataye chamoyo chilichonse cha m'thanki m'nyanja kapena m'ngalande.

Musagule wina mpaka miyeso ya madzi itakhazikika kwa mwezi wathunthu. Pogula, sankhani kachidutswa koleredwa m'thanki. Kanazolowera kale nyali ndi mchere wosakaniza. Makorali onse a chigoba cholimba ali pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, kutanthauza kuti kuwadutsitsa malire a dziko kumafuna chilolezo, ndipo kuthyola korali m'malo otetezedwa monga Sodwana Bay kapena Bazaruto ndi mlandu. Funsani wogulitsayo alkalinity wa thanki yake ndi mphamvu ya nyali imene korali anali pansi pake. Mukafika naye kunyumba, musambitseni, mudule pa kamwala kamene wabwera nako ngati n'kotheka chifukwa mazira amabisala pamenepo, ndipo musungeni m'kathanki kapadera kwa milungu 4 musanamuphatikize ndi anzake.